Wogula galimoto ayambe wafunsa: mamailosi kodi, kapena makilomita?

Masiku ano si chachilendonso kuona galimoto itaima pakhomo pa mphunzitsi, pa mlangizi wa zaulimi kapena pa mlimi wa fodya m'madera a Edingeni, Embangweni ndi Jenda, kumwera kwa boma la Mzimba. Zambiri mwa galimoto zimenezi nzoti zinagwirapo kale ntchito kunja, ndipo zimafika kuno podzera njira zitatu. Zina zimachokera ku Japan pa sitima ya pamadzi, nkutsikira pa doko la Dar es Salaam, nkulowa m'dziko muno pa Songwe, kenaka nkutsata mseu wa M1 kudzera ku Karonga ndi ku Mzuzu. Zina amabwera nazo ndi ana a m'bomali amene amagwira ntchito ku Johannesburg ndi m'mizinda ina ya ku South Africa. Zina, zowerengeka chabe, amatumiza ndi abale amene akukhala ku Mangalande.

Nchosangalatsa ndithu kuona anthu a kumudzi akudzigulira chuma chotere ndi thukuta lawo. Koma pali kanthu kamodzi kamene ogula ambiri amakalumpha. Munthu amagogoda matayala, amatchera khutu kumvetsera kalilidwe ka injini, amagwada kusuzumira kunsi kuti aone ngati oilo akudontha, amalimbana ndi wogulitsa pa za mtengo mpaka dzuwa kupendeka, koma osafunsa ngati wotchi ya liwiro imene ili kuseri kwa chiwongolero imawerenga mamailosi kapena makilomita. Ndipo alipo ena, makamaka achikulire, amene akafunsa amafunsa chozondoka: amaikayikira galimoto ya makilomita, nakhulupirira kuti ya mamailosi, ya ku Mangalande, ndiyo galimoto yeniyeni. Maganizo amenewa ngofunika kuwawongola, pakuti nkhaniyi ikukhudza ndalama za wogula, ntchito ya dalaivala, ndiponso moyo wa mwana woyenda pansi m'mbali mwa mseu.

Achikulirewo sayenera kusekedwa, popeza anakulira m'miyeso imeneyo. Pamene dziko lino linkalandira ufulu wodzilamulira m'chaka cha 1964, miseu inkayezedwa m'mamailosi, petulo ankagulitsidwa m'magaloni, nsalu m'mayadi, fodya ndi mtedza m'mapaundi, ndipo munda unkadziwika ndi maekala ake. Ndalama zinasintha m'chaka cha 1971, pamene kwacha ndi tambala zinalowa m'malo mwa mapaundi, masheleni ndi makobiri. Miyeso ya mtunda, ya kulemera ndi ya zamadzimadzi inatsatira pambuyo pake, kotero kuti lero zikwangwani za pa mseu wa M1 zimanena makilomita, ndipo pampu ya mafuta imawerenga malita. Komabe chimene lamulo lasintha pa pepala, lilime limachedwa kuchisintha. Mpaka lero ku Lilongwe kuli malo otchedwa Six Miles, ku Zomba kuli Three Miles ndi Four Miles, mlimi wa ku Edingeni akamanena za munda wake amatchula maekala, ndipo ngakhale mnyamata amene sanayezepo kanthu m'mamailosi chibadwire, akamagula galimoto amafunsa za "mayileji" yake.

Kusiyana kwa miyeso iwiriyi si kwa masewera. Mailosi imodzi ndi mamita 1,609, kapena kunena mwachidule, mamailosi 5 ndi makilomita 8. Tsono pamenepa ndi pamene pagona mfundo imene ogula galimoto ayenera kuimvetsa bwino: munthu akasokoneza miyeso iwiriyi, zotsatira zake sizilingana mbali zonse ziwiri. Kusokoneza kwina kumangotayitsa nthawi, pamene kwinako kumatengera anthu kumanda.

Wowerenga aganize za masiku a Nyasaland, pamene zikwangwani zonse za kuno zinali m'mamailosi. Kutsidya kwa malire, ku Mozambique, makilomita anali atakhazikika kale, chifukwa dziko la Portugal, limene linkalamulira kumeneko, linalandira miyeso ya mita m'chaka cha 1852. Munthu amene akanagula galimoto ku Tete kapena ku Beira nkubwera nayo kuno akanakhala ndi wotchi ya makilomita m'dziko la mamailosi. Pofika pa chikwangwani cholembedwa 30, iye nkuika muvi wa wotchi yake pa 30, akanakhala akuyenda mamailosi 19 okha pa ola. A kumbuyo kwake akanamuimbira hutala, mwina akanafika mochedwa kumene amapita, koma sakanaphwanya lamulo la liwiro. Pofuna kuigulitsa galimotoyo wotchi ikuonetsa 100,000, wogula wosadziwa akanaiyesa nkhalamba yotheratu, chonsecho m'mamailosi inali itayenda 62,000 basi. Woluza akanakhala wogulitsa, wogulayo nkutola nkhwangwa ndi mpini womwe. Akanauzidwa kuti azisintha oilo pakatha mamailosi 3,000, iye nkumasintha wotchi yake ikawerenga 3,000, akanakhala akusintha msanga kuposa muyeso, ndipo palibe injini imene inafa chifukwa cholandira oilo watsopano msanga. Mantha a wotchi ya makilomita, ngakhale m'masiku amene anali ndi chifukwa, anali mantha a njoka yopanda ululu.

Lero zinthu zatembenuka. Galimoto ya ku Japan ndi ya ku South Africa imafika ikulankhula kale chinenero cha miseu ya dziko lino, pakuti maiko awiriwa amayeza liwiro ndi mtunda m'makilomita. Mlendo tsopano ndi ya ku Mangalande ija. Boma la Britain linalengeza m'chaka cha 1965 kuti dzikolo liyamba kusamukira ku miyeso ya mita, koma m'chaka cha 1970 ndondomeko yosintha zikwangwani za pa mseu inaimitsidwa, ndipo kufikira lero miseu ya kumeneko idakali m'mamailosi. Eni ake amagula petulo m'malita, koma poyamikira galimoto amati imayenda mamailosi akutiakuti pa galoni. Chisokonezo chimenecho nchawo, ndipo palibe chifukwa choti Mmalawi achikweze pa sitima pamodzi ndi galimoto.

Dalaivala wa galimoto ya mamailosi akafika pa Jenda, naona chikwangwani cha 50, naika muvi pa 50, ndiye kuti akuthamanga makilomita 80 pa ola pakati pa amayi ogulitsa tomato ndi anyezi, anyamata a kabaza ndi ana ochokera kusukulu. Akaika muvi pa 80 m'nkhalango ya Chikangawa, kumene nkhungu imaphimba mseu, ndiye kuti ali pa makilomita 129. Choopsa nchakuti munthuyo si wopulupudza ai; mumtima mwake ali ndi mtendere, poganiza kuti akusunga lamulo. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi, pamene yothamanga makilomita 80 imadutsa mamita 22. Kuwonjezera apo, mtunda umene mabuleki amafuna kuti aimitse galimoto umakula mofulumira kuposa liwirolo: pa 80 pamafunika mtunda woposa kawiri ndi theka poyerekeza ndi pa 50. Uku nkunena za pa mseu wa phula. Pa miseu ya fumbi ndi miyala, yonga yambiri yolumikiza midzi ya kwa Inkosi ya Makosi M'mbelwa, matayala sagwira pansi mokwanira, ndipo kuseri kwa kona iliyonse kungakhale ngolo kapena gulu la ng'ombe ndi kamnyamata kozibusa.

Ena adzatsutsa kuti wotchi za ku Mangalande zimaonetsa miyeso yonse iwiri. Zimenezo nzoona: pa zambiri, manambala aakulu a kunja ndi mamailosi, ang'onoang'ono a m'kati ndi makilomita. Koma diso la munthu wotopa, woyenda usiku, limathamangira nambala yaikulu. Komanso galimoto ya kumudzi siyendetsedwa ndi munthu mmodzi. Lero ali nayo mwini wake, mawa mphwake akukagula feteleza ku Mzimba, mkuja aibwereka a pamudzi kuti athamangire ndi mayi wapakati ku chipatala cha Embangweni pakati pa usiku. Mwini wake angathe kudziwa chinsinsi cha wotchiyo, koma obwerekawo anauzidwa ndani? Ndipo ulendo wa ku chipatala ndiwo umene munthu amaponda kwambiri moto.

Nambala ina ija, yowerenga mtunda wonse umene galimoto yayenda chiipangire, ilibe mnzake wa m'kati woimasulira. Galimoto ziwiri zitaima pamodzi pa malo ogulitsira, ina ya ku Japan yoonetsa 120,000, ina ya ku Mangalande yoonetsa 90,000, wogula wosafunsa adzathamangira yachiwiriyo nalipira mtengo wokwera, poganiza kuti wapeza yanthete. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: mamailosi 90,000 ndi makilomita pafupifupi 145,000, ndiye kuti yotopa kwambiri ndi yomwe waisankhayo. Vutoli silithera pa tsiku logula. Makaniko akamata kapepala konena kuti galimoto ibwerenso pakatha 5,000, iye akunena makilomita, koma wotchi ya mamailosi ikamadzawerenga 5,000 oiloyo adzakhala atayenda makilomita oposa 8,000, m'fumbi la chilimwe. Pa galimoto zambiri, lamba wa m'kati mwa injini amene amakaniko amamutcha timing belt amafunika kusinthidwa pa makilomita 100,000. Pa wotchi ya mamailosi nthawi imeneyo imakwana nambala ili pa 62,000. Wodikira kuti aone 100,000 adzapyola muyeso ndi makilomita oposa 60,000, ndipo pa injini zina lambayo akaduka galimoto ili pa liwiro, mavalavu amapindika, ndalama yokonzera nkumeza phindu la fodya la chaka chathunthu.

Palinso msampha wina wobisika kwambiri, umene umachokera kwa anthu amene amagula galimoto za makilomita ali m'dziko la mamailosi. Ku Mangalande nako anthu amaitanitsa galimoto zogwirapo ntchito kuchokera ku Japan, ndipo popeza malamulo a kumeneko amafuna kuti wotchi izitha kuonetsa mamailosi, amalonda ambiri amaika kachipangizo kotembenuza miyeso kuseri kwa wotchiyo. Nkhope ya wotchi kawirikawiri imakhala yomwe ija ya ku Japan, yothera pa 180, koma muvi tsopano ukuloza mamailosi. Choipa kwambiri nchakuti kuyambira tsiku limenelo nambala ya mtunda imayamba kuwonjezera mamailosi pamwamba pa makilomita akale. Galimoto imene inayenda makilomita 60,000 ku Japan, nkuyendanso mamailosi 40,000 ku Mangalande, idzaonetsa 100,000, nambala imene si ya mamailosi ndiponso si ya makilomita. Mtunda wake weniweni ndi makilomita oposa 124,000. Galimoto yotere ikadzagulitsidwanso nkufika ku Mzimba, ngakhale wogula wochenjera, amene amadziwa kuti wotchi yothera pa 180 ndi chizindikiro cha ku Japan, angathe kupusitsika. Amalawi okhala ku London, ku Manchester kapena ku Glasgow amene amagulira abale awo galimoto ayenera kufufuza zimenezi asanalipire sitima.

Njira zofufuzira zilipo, ndipo sizifuna ndalama. Chikalata chimene chimaperekedwa galimoto ikamatuluka m'dziko la Japan chimaonetsa makilomita amene analembedwa pa nthawi imene galimotoyo inkayenderedwa mwalamulo kumeneko. Ku Mangalande, mbiri ya kuyenderedwa kwa chaka ndi chaka, kumene amakutcha MOT, imapezeka pa intaneti munthu akangolemba nambala ya galimoto, ndipo imaonetsa mtunda umene unalembedwa ulendo uliwonse. Wogula apemphe kuona zimenezi. Kenaka akwere galimotoyo pa mseu wowongoka, mnzake atagwira lamya ya m'manja yotha kuonetsa liwiro mothandizidwa ndi GPS. Muvi ukakhala pa 50 lamya nkumanena 47 kapena 48, zonse zili bwino, pakuti wotchi zambiri zimawerenga mopitirira pang'ono. Muvi ukakhala pa 50 lamya nkumayandikira 80, yankho lapezeka. Safunsa anadya phula, ndipo wogulitsa amene akukwiya ndi funso lotere wadziulula yekha.

Antchito a Boma ndi a mabungwe nkhaniyi ikuwakhudza mwa njira ina yapadera. Galimoto ya ofesi imayenda ndi buku la maulendo, lija amati logibuku, m'mene dalaivala amalemba nambala ya wotchi ponyamuka ndi pobwera, ndipo kalaliki amayerekeza mtundawo ndi mafuta amene anathiridwa. Tsono ofesi, mpingo kapena chipatala chikalandira galimoto ya mphatso yochokera ku dziko la mamailosi, popanda wina wozindikira, chingachitike nchiyani? Galimotoyo iyerekezedwe kuti imayenda makilomita 10 pa lita. Dalaivala wapita kukayendera midzi, ndipo wotchi yawonjezera 100. Kalaliki awerengera kuti panafunika malita 10. Koma galimotoyo yayenda makilomita 161, ndipo yamwa malita 16. Malita 6 asowa m'buku, mawa asowanso ena, pakutha pa mwezi nkhani ili pa desiki ya bwana. Munthu wokhulupirika, wa banja ndi ana, angathe kutchedwa wakuba mafuta a Boma, mbiri yake nkuipa, mwinanso ntchito nkutha, pa mlandu umene anapalamula ndi wotchi. Ndipo kumene kuli chisokonezo chotere, wakuba weniweni naye amapeza pobisala, chifukwa masamu akangodziwika kuti sagwirizana, palibenso amene amawakhulupirira. Mkulu aliyense woyang'anira galimoto za ofesi angachite bwino kulemba ndi zilembo zazikulu pa chikuto cha logibuku muyeso umene wotchi ya galimoto imeneyo imawerenga.

Za kamwedwe ka mafuta nazo zimasokoneza ogula. Wa ku Japan amanena makilomita pa lita, ndipo nambala ikakula ndiye kuti galimoto njosamala mafuta. Wa ku South Africa amanena malita pa makilomita 100, ndipo pamenepo yabwino ndi ya nambala yochepa: malita 8 pa makilomita 100 nchimodzimodzi makilomita 12 ndi theka pa lita. Wa ku Mangalande amanena mamailosi pa galoni, ndipo wa ku Amereka amanenanso chimodzimodzi, koma magaloni awo ngosiyana. Ya Angelezi ndi malita 4.55, ya Amereka ndi malita 3.79. Wogula asalole kunamizidwa ndi nambala yokoma pakamwa. Aisandutse kaye makilomita pa lita, poti pa pampu ya ku Jenda adzalipira malita.

Amene amakhulupirira kuti galimoto ya mamailosi njolimba mwapadera akukumbukira Land Rover ndi Bedford zakale, zimene zinalidi ndi mabawuti a mainchi, zofuna masipanala akeake. Masiku amenewo anapita. Toyota kapena Nissan yogulitsidwa ku London lero ili ndi mabawuti a mamilimita ngati inzake ya ku Nagoya, ndipo kukula kwa injini yake kumanenedwa m'malita. Chimene chatsala cha mamailosi ndi wotchi yokha. Inchi yatsalira pa malimu, amene padziko lonse amatchulidwabe kuti 14, 15 kapena 16, ndipo palibe amene zimamuvuta popeza onse amagwirizana.

Pamenepa sakunenedwa kuti galimoto za ku Mangalande ziletsedwe. Zina zimafika zosamalidwa bwino zedi, ndipo mphatso ya mbale siikanidwa chifukwa cha wotchi. Chofunika nchakuti galimotoyo iphunzitsidwe chinenero cha kuno. Zambiri zamakono, za wotchi yoyaka ngati kanema, zimatha kusinthidwa kuchoka ku mamailosi kupita ku makilomita pongodina mabatani. Pa zakale, nkhope ya wotchi ingathe kusinthidwa ndi mmisiri wodziwa, malinga mwini wake alembe ndi kusunga nambala imene inalipo pa tsiku losinthalo, kuti wodzagula pambuyo pake asadzanamizidwe.

Dziko la Ireland lili ndi phunziro pa nkhaniyi. Pa 20 January 2005 linasintha malire a liwiro kuchoka ku mamailosi kupita ku makilomita, pamene galimoto zochuluka za m'dzikomo zinali ndi wotchi za mamailosi, ndipo kumpoto kwa chilumba chomwecho, kumene kuli pansi pa Britain, mamailosi anatsalabe. Pofuna kuti dalaivala asasokonezeke, zikwangwani zatsopano zinalembedwa nambala pamodzi ndi zilembo za km/h pansi pake. Eni ake anazindikira kuti nambala yopanda muyeso imasocheretsa. Kunonso wogulitsa galimoto aliyense, kaya ndi kampani kaya ndi munthu wamba, azilemba muyesowo pafupi ndi nambala pa kalata ya malonda. Kukanakhala kothandizanso kuti a nthambi ya Directorate of Road Traffic and Safety Services, poyendera galimoto yofuna chiphaso cha COF, azimuchenjeza mwini wake akapeza wotchi ya mamailosi. Ndiponso kuti a Malawi Bureau of Standards, bungwe limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1972 ndipo limayendera masikelo ndi mapampu a mafuta, athandizepo pophunzitsa anthu. Atsogoleri amene amachititsa misonkhano m'madera a Edingeni ndi Embangweni angathe kuifotokoza nkhaniyi m'Chitumbuka m'mphindi zochepa chabe, kuti ifike kwa madalaivala a matola ndi kwa makolo amene ana awo amatumiza galimoto kuchokera kunja.

Podikira zonsezo, amene ali kale ndi galimoto ya mamailosi atenge kapepala, alembepo mizere itatu, akamate pafupi ndi wotchi pamene aliyense wogwira chiwongolero adzakaona: chikwangwani chikati 50, muvi ukhale pa 31, chikati 80, muvi ukhale pa 50, chikati 100, muvi usapyole 62.